Funsani Azakhali: Kodi mnzanga wa ku Philippines akundinamiza?

FUNSO

Azakhali, ndine mtsikana wa Fomu 3. Ndili ndi mnzanga wa ku Philippines yemwe tinadziwana pa Facebook, pa gulu la okonda masewero a pa TV a kwawoko. Iye ali mu Grade 10 ku Caloocan. Chikundizunguza mutu n'chakuti ine ndikamadzuka 6 koloko m'mawa, iye amati waweruka kale. Masiku ena amati sukulu kulibe chifukwa cha mvula, ena chifukwa cha kutentha. Akuti mayi ake ali ku Hong Kong, iye amakhala ndi agogo. Komatu m'masewero aja ana a sukulu amatsika m'galimoto zonyezimira, mayi awo ali pambali. Kodi akundinamiza, kapena anasiya sukulu ndiye akuchita manyazi kundiuza?

Wodabwa, Zomba

YANKHO

Mwana wanga, mnzakoyo usamuyese wabodza. Zonse wakuuzazo zikugwirizana ndi mmene ana a sukulu za boma amakhalira kumeneko.

Yamba wayang'ana wotchi. Philippines ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye iwe ukamapukuta manthongo 6 koloko, kwawo dzuwa lili paliwombo. Mwina ufunsa kuti sekondale yanji yoweruka 12 koloko. Ku Metro Manila, komwe kuli Caloocan, sukulu zambiri za boma zimaphunzitsa mosinthana: gulu loyamba limalowa cha m'ma 6 koloko n'kutuluka masana, lachiwiri limalowa mipando isanazizire n'kutuluka kukuda. Unduna wa maphunziro wa kumeneko, DepEd, umavomereza wokha kuti zipinda zophunziriramo zikuperewera ndi pafupifupi 165,000. Dziko la anthu oposa 110 miliyoni limenelo, ana ndi ochuluka kuposa madenga.

Ine ndinakhalako ku Silang, m'chigawo cha Cavite kumwera kwa Manila, nthawi yomwe bambo a kunyumba ankaphunzira za ubusa. Kunja kusanayere bwino, msewu wathu unkadzaza fungo la mpunga wokazinga ndi adyo komanso nsomba zouma. Kenako atsikana ankatuluka ndi mabulawuzi oyera mbee, tsitsi lidakali lonyowa, n'kupanikizana mu tricycle, njinga yamoto yokhala ndi kangolo pambali, ena atakhala kumbuyo kwa woyendetsa miyendo ili lende. Pa ukhondo wa yunifolomu ndiye ndinagonja nawo. Mwana wochokera m'nyumba ya malata okhaokha amatuluka kolala ili gwa, ndipo sungadziwe kuti m'kachikwama mwake muli mpunga ndi dzira limodzi basi. Ana a m'galimoto zonyezimira aja alipodi, m'sukulu zolipira za ku Makati ndi madera ena a olemera. Kamera imakonda iwowo.

Za mvula n'zoona. Chaka chilichonse anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera la dzikolo, ndipo meya akalengeza pa wailesi kapena pa Facebook kuti lero kulibe sukulu, palibe wotsutsa. Madzi akasefukira, makalasi omwewo ndiwo amasanduka misasa ya anthu othawa, monga tinaonera ku Blantyre pa Freddy mu 2023. Namondwe Haiyan, yemwe eni ake amamutcha Yolanda, anapha anthu oposa 6,000 mu November 2013, ambiri a mu mzinda wa Tacloban ndi madera ozungulira. Za kutentha nazo si nthano. Kuyambira kale chaka cha sukulu chinkayamba June n'kutha March kuti ana apume m'miyezi yotentha ya April ndi May. Covid itasokoneza kalendala, ana anapezeka m'kalasi m'miyezi yomweyo, ndipo mu April 2024 sukulu masauzande zinatsekedwa chifukwa m'zipinda munali mosakhalika. Boma labwerera ku June kuyambira 2025.

Tsono taganizira msinkhu wa mnzakoyo. Sukulu zinatsekedwa mu March 2020, ndipo ana ambiri anabwerera m'kalasi mu August 2022. Zaka ziwiri ndi miyezi, akuphunzira ndi mapepala osindikizidwa otengedwa kusukulu ndi makolo, kapena pa foni imodzi yolimbirana banja lonse. Nthawiyi n'kuti zinthu zili kale pendapenda: pa mayeso a PISA a 2018, omwe amayerekeza ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana, Philippines inakhala yomaliza pa kuwerenga mwa mayiko 79, ndipo mu 2022 World Bank inati ana 9 mwa 10 aliwonse a zaka 10 sangathe kuwerenga nkhani yosavuta n'kuimvetsa. Ndikunena izi kuti usamaganize kuti aliyense wolankhula Chingerezi chotsetsereka pa TV ndiye kuti sukulu kwawo zikuyenda.

Koma nkhani yaikulu m'kalata yako ndi ya mayi ali ku Hong Kong, ngakhale iwe waitchula modutsa.

Anthu a ku Philippines oposa 2 miliyoni amagwira ntchito kunja pa makontirakiti, ndipo ku Hong Kong kokha kuli amayi pafupifupi 200,000 ogwira ntchito za m'nyumba. Lamlungu, tsiku lawo lopuma, amayala makatoni m'misewu ya dera la Central, pakati pa mzindawo, n'kukhala pansi, aliyense foni kumaso, akufunsa mwana kwawo ngati walemba homuweki. Mu 2023 ndalama zotumizidwa kudzera m'mabanki ndi anthu okhala kunja zinaposa madola 33 biliyoni. Boma limawatama kuti ndi ngwazi za dziko. Ine ndimati ngwazi zimenezi zikulera ana a eni, awo akuleredwa ndi agogo.

Pafupi ndi ife pankakhala mtsikana wa msinkhu wako, mayi ake ali kunja. Chakumapeto kwa chaka kunkafika chikatoni chachikulu chomatidwa ndi tepi mbali zonse, chomwe amati balikbayan box. Anatiitana kuti tikaone akutsegula. Munali sopo, nyama za m'zitini, chokoleti, matawulo, ndi nsapato za sukulu. Miyezi ingapo m'mbuyomo mtsikanayo anaponda papepala, agogo ake n'kuzunguliza phazi ndi bolopeni, pepalalo n'kutumiza kwa mayi, chifukwa mayiyo sankadziwanso saizi ya mwana wake. Katoniyo inayenda pa sitima nthawi yaitali, ndipo pofika nsapato zinali zothina. Anazivalabe. Ankati akauza mayi ake adandaula, pomwe anazigula ndi thukuta.

Mwana wotere amapita kusukulu atasenza ngongole yosalembedwa. Akalephera mayeso saopa chikwapu, amaopa nkhope ya mayi pa foni. Ndipo akafika Grade 11 ndi 12, makalasi awiri omwe anawonjezedwa ndi lamulo la K to 12 la 2013 n'kuyamba kuphunzitsidwa mu 2016, funso la pakhomo limakhala lakuti ndi maphunziro ati angamutulutse m'dziko: unamwino, ntchito za pa sitima zapanyanja, za m'mahotela. Iye akatuluka aphunzitse azing'ono ake, mayi abwerere. Chomwe chinkandiwawa ine monga mphunzitsi n'kumva za aphunzitsi anzanga a digiri omwe anasiya choko kukakolopa m'nyumba za ku Hong Kong chifukwa malipiro ake ankaposa a m'kalasi. Uli ku Zomba, ndikhulupirira m'kalasi mwako muli wina yemwe bambo kapena mayi ake ali ku Joni, ndiye sindikukuuza zachilendo kwenikweni.

Langizo langa ndi ili. Usamufunse ngati akunama. Mufunse kuti mayi ake anabwera liti komaliza, ndiponso ngati kusukulu amamuvutitsa, chifukwa pa kafukufuku wa PISA yemwe uja wa 2018, ana 65 mwa 100 aliwonse a kumeneko anati anzawo amawazunza kangapo pamwezi, kuposa dziko lina lililonse, ngakhale lamulo loletsa khalidweli lilipo kuyambira 2013. Akayankha, mvetsera. Ndipo poti ndine azakhali ako ndinenenso ichi: munthu wa pa Facebook, kaya ndi wokoma mtima chotani, usamutumizire ndalama kapena zithunzi zomwe sungaonetse mayi ako. Chezani pa vidiyo tsiku lina, uwapatseko moni agogowo.

FUNSO

Azakhali, munthu wina wotumiza ana kusukulu zakunja wandiuza kuti ku Philippines yunivesite ndi yaulere ndipo unamwino wake ndi wodziwika dziko lonse. Akufuna ndimupatse ndalama yoyambira kuti mwana wanga apeze malo. Ndigulitse puloti?

Bambo wa ana anayi, Lilongwe

YANKHO

Bambo, pulotiyo muyambe mwaisunga. Munthuyo wakuuzani theka la nkhani. Lamulo la 2017 linachotsadi fizi m'mayunivesite ndi makoleji a boma, koma ndi la nzika za dzikolo. Mwana wanu akalipira, kuwonjezapo malo ogona, chakudya, visa ya ophunzira ndi tikiti ya ndege.

Zoti anamwino a ku Philippines ali ponseponse n'zoona. Achibale athu ogwira ntchito m'zipatala za ku Britain amasinthana nawo mashifiti tsiku ndi tsiku. Digiri yake ndi ya zaka 4 ndipo amaphunzitsa m'Chingerezi. Koma makoleji a unamwino kumeneko ndi ambiri, abwino ndi ongofuna ndalama. Chomwe chimapatsa namwino wa kumeneko mphamvu ndi mayeso a boma a layisensi, ndipo lamulo lawo la unamwino la 2002 limalola mlendo kulemba mayesowo pokhapokha ngati dziko lake nalonso limalola anamwino a ku Philippines mofanana. Musanatulutse tambala, munthuyo akupatseni dzina la koleji, inu mufufuze nokha ngati ndi yovomerezeka ndi CHED, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba kumeneko. Kenako pitani ku Nurses and Midwives Council of Malawi ndi ku NCHE, bungwe lathu loyang'anira maphunziro apamwamba, konkuno ku Lilongwe, mukafunse ngati pepala la koleji imeneyo adzalilandire mwana akabwerako, ndipo yankho lawo likhale lolemba. Fizi muzilipira ku akaunti ya koleji, osati m'manja mwa munthu.

Zonse zikalongosoka mwana n'kupita, mumuuze zinthu ziwiri. Udzudzu wa kumeneko umaluma masana ndipo umafalitsa matenda a dengue, choncho kutentha thupi asakuyese malungo n'kumwa LA payekha, athamangire kuchipatala. Chachiwiri, magulu a ophunzira otchedwa fraternity awatalikire. Ena amalandira watsopano pomumenya, ndipo ophunzira afapo, mpaka mu 2018 boma linakhwimitsa lamulo loletsa mchitidwewu.