Timachubu ta kaboni ndi chifuwa cha malume anga

Mayi ena andilembera imelo. Mwana wawo ali ku yunivesite, m'labu momwe akuyesa kulowetsa majini (ma gene, aja amanyamula chibadwa) m'maselo pogwiritsa ntchito ma carbon nanotube, timachubu ta kaboni tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi sizimuvulaza?"

Nditawerenga, maganizo anathamangira kwa malume anga. Anagwira ntchito zaka zambiri pa mgodi wina wa asibesito ku Zimbabwe, n'kubwera kumudzi ndi wailesi, jekete lachikopa ndi chifuwa chosamva mankhwala. Usiku tinkawamva kuseri kwa nyumba, akutsokomola mpaka kugwira khoma. Agogo ankati awalodza. Ayi ndithu. Tiulusi tina ta asibesito n'tatitali, tolimba ngati singano. Maselo osesa zinyalala m'mapapo amayesa kutimeza, osatheka, ndiye malowo amangotupa chaka ndi chaka.

Mu 2008 gulu la asayansi la Ken Donaldson ku Edinburgh linabaya timachubu ta kaboni tija m'mimba mwa mbewa. Tatitali tinatupitsa mofanana ndi asibesito, pomwe tatifupi ndi topiringizika sitinatero. Mu 2014 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mtundu umodzi wa timachubuti, MWCNT-7, m'gulu 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. N'chifukwa chake ndimapsa mtima munthu akamati "ndi kaboni chabe, ngati makala a pa mbaula". Makala sabaya. Nkhani apa ndi kutalika ndi kulimba kwa kachinthuko, ndipo wokana zimenezi sanamvepo chifuwa cha malume.

Koma zija za pa WhatsApp, zoti katemera wa Covid ali ndi timachubu, musazimvere. Katemera wa Covid wa mtundu wa mRNA amanyamulidwa m'timadontho ta mafuta. Anthu ofalitsa zimenezi amanditopetsa kuposa onse.

Tsono mayi, yankho lanu

Olowetsa majini satenga timachubu mmene tachokera ku fakitale. Amatidula, amatitsuka zotsalira za ayironi kapena nikelo, n'kutikuta ndi mankhwala kuti tisakanikirane ndi madzi ndi kugwira DNA. Toteroto ululu wake umachepa kwambiri. Ntchitoyi ikadali pa maselo, mbewa ndi masamba a zomera, sinafike m'chipatala.

Choopsa kwa mwana wanu ndi ufa wouma wa timachubuti. Ku America, bungwe loona za thanzi la anthu pa ntchito la NIOSH linalangiza mu 2013 kuti usapitirire microgram 1 (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gramu) pa cubic metre ya mpweya. Mufunseni ngati botolo lake amalitsegulira m'kabati yokoka mpweya, atavala magolovesi.