Sutikesi ya malemu amayi: ndisunge chiyani, ndipereke chiyani?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo, ndipo wandilola kuti ndiyankhe pano. Akuti: "Amayi anga anatisiya chaka chatha. Pogawana katundu ine ndinatenga sutikesi yawo yachitsulo. Muli zitenje zingapo, Baibulo lothothoka chikuto, duku loyera la Chigwirizano, zithunzi, makobidi akale m'kachitini, ndi chipande chimene ankaomolera nsima. Tikusamukira m'nyumba ya lendi yaing'ono, ndipo bambo akunyumba akuti ndichepetse katundu. Mnzanga wina akuti zinthu za omwalira siziyenera kugona m'nyumba. Ndichite bwanji?"

Achemwali, pepani ndi chisoni chimene chinakugwerani. Yankho langa ndi lakuti tsegulani sutikesiyo, zinthuzo zituluke zilowe m'moyo wa pakhomo panu. Zikangokhala zokhomeredwa kunsi kwa bedi, inu simuziona, ana anu sazidziwa, ndipo amene amapindula nazo ndi njenjete ndi chinyontho cha m'dzinja.

Ndiyambe ndi mantha amene mnzanu wakupatsani, chifukwa ndikudziwa kuti mawu otere amabwerera m'mutu usiku. Kwathu kuno, chiyambire makolo, maliro akatha abale amakhala pansi n'kugawana zovala ndi ziwiya za malemu. Amagawana kuti azivala ndi kugwiritsa ntchito. Ndiye ngati sutikesiyo munalandira pamaso pa abale, palibe choipa chimene mwachita. Ngati pabanja panu pali mwambo wina umene sunachitike ndipo mtima wanu sukukhazikika, funsani malume anu kapena akuluakulu a mpingo. Musataye kanthu chifukwa cha mawu a munthu amene amayi anu sankawadziwa n'komwe.

Pa zonse mwatchulazo, chimene sindingalole kuti chichoke m'manja mwanu ndi Baibulo. Buku Lopatulika linasindikizidwa lathunthu koyamba mu 1922, pa ntchito yomasulira imene anatsogolera m'busa William Murray, ndipo m'mabanja ambiri ndi buku lokhalo limene linkapezeka m'nyumba. N'chifukwa chake makolo ankalemba zinthu zofunika m'masamba opanda kanthu akumayambiriro ndi akumapeto. Tsegulani bwinobwino. Mwina mupeza masiku obadwa a inu nonse, tsiku la ukwati, dzina la mwana amene anamwalira ali wakhanda inu musanabadwe. Kalembera wa ziphaso za unzika anachitika m'dziko lonse mu 2017, koma mibadwo yam'mbuyomo ambiri analibe chikalata cha kubadwa, ndiye tsamba lolembedwa ndi dzanja la amayi anu likhoza kukhala umboni wokhawo umene banja lanu lili nawo. Onaninso mavesi amene anadula mzere kunsi, ndi masamba amene adetsedwa ndi zala kuposa ena. Pamenepo ndi pamene ankathawira zinthu zikavuta. Chikutocho musachimate ndi selotepu, chifukwa ikakalamba imasiya zomata zachikasu zimene zimadya pepala. Lisokereni kachikwama ka nsalu, liikeni pashelefu pouma, muziliwerenga.

Chipandecho chitsukeni, chiume, usiku womwewo muomolere nsima. Mtengo umene wagwidwa ndi dzanja limodzi zaka zambiri umasalala pogwirira, ndipo mudzamva pomwe chala chachikulu cha amayi chinkakhala. Kwa ine chimwemwe cha zinthu zotere chili pamenepo, madzulo wamba, ana akudikira mbale, inu n'kunena kuti, "Ichi chinali cha agogo anu." Chikadzang'aluka mudzachipachike pakhoma la kukhitchini.

Pa zitenje, bambo akunyumba ali ndi mfundo, ndipo muwamvere. Simufunikira zonse. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zimene mukatseka maso mumawaona amayi atavala. Zotsalazo perekani kwa achemwali anu, kwa amayi aang'ono, kapena kwa mdzukulu amene wangobereka kumene kuti aziberekera mwana. China mukhoza kupita nacho kwa telala asokere mwana wanu diresi. Zimene mwasunga muzizitulutsa nthawi ndi nthawi, kuziyanika pamthunzi, chifukwa dzuwa limasuwitsa mtundu. Za duku la Chigwirizano, kambiranani ndi amayi a kumpingo kumene malemu ankapemphera, iwo ndiwo amadziwa ulemu wake.

Makobidi satenga malo, asiyeni m'kachitini momwemo. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, kulowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni, ndiye mukapeza lolembedwa chaka cham'mbuyo mwa pamenepo, dziwani kuti ndi la ndalama zakale zija. Mukapeza lobooka pakati, lokhala ndi njovu ziwiri, ndi peni ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ana amakonda kuwagwira ndi kufunsa mafunso. Musawakweche ndi mchenga kuti awale.

Zithunzi ndiye zikufuna changu. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope kuchokera m'phiri la Soche, mabanja ambiri a ku Chilobwe amene anapulumuka anataya zonse za m'nyumba. Mabulangete ndi mapoto munthu amagulanso, koma chithunzi cha kholo chikapita palibe sitolo imene mungachipeze. Ngakhale popanda namondwe, denga lodontha limodzi kapena chiswe zimakwanira. Choncho musanasamuke, yalani zithunzizo pafupi ndi windo masana, jambulani chilichonse ndi foni popanda kuyatsa fulashi, n'kutumizira abale anu pa WhatsApp kuti zikhale m'manja mwa anthu angapo. Chimene chamatirira pagalasi la felemu musachikakamize kuchotsa, chijambuleni chili momwemo. Chimodzi chimene amayi akuseka chikuzitseni, chikhale pabalaza.

Sutikesi yeniyeniyo sikuyenera kukhala chifukwa cha mkangano ndi bambo. Ikapepuka muikemo mabulangete a nyengo yozizira, muyale kansalu pamwamba, ikhale pokhalira kuchipinda. Ikwezeni pa timatabwa kuti isachite dzimbiri ndi simenti yonyowa. Ndipo muwafotokozere bambowo modekha chimene chinthu chilichonse chimakukumbutsani. Nthawi zambiri munthu amati "chepetsani katundu" chifukwa akuona chitsulo chakale chokha, sanamvepo nkhani yake.

Pali ntchito imodzi imene sikudikira. M'zithunzimo muli nkhope zimene inu simukuzidziwa, ndipo amene akuzidziwa akukalamba. Ngati amayi aakulu kapena azakhali anu alipo, nyamulani zithunzizo mukawachezere mwezi uno. Tengani pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera mpaka kumaso kwa chithunzi, ndipo kuseri kwa chilichonse mulembe dzina la munthuyo, mudzi wake, ndi chaka ngati akuchikumbukira. Akayamba kufotokoza, apempheni kuti mujambule mawu awo pafoni.