Limu ya njinga yamoto yang'aluka: kodi ndingaimate ndi marodi kunyumba?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza ku Mponela. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Achimwene, ndinagwera m'dzenje usiku ndikuchokera ku Dowa, nditanyamula munthu ndi thumba la chimanga. M'mawa ndikutsuka njinga ndinaona mng'alu pa limu yakumbuyo, pamene mwendo umodzi wa limuyo umakumana ndi mkombero. Limu yake ndi ya aluminiyamu, zopanda masipoko zija. Mng'aluwo ndi wautali ngati chala chaching'ono. Pa YouTube ndaona anthu akumata aluminiyamu ndi timarodi tosungunuka ndi moto wa gasi, popanda makina owotcherera, ndipo mnzanga wina wochokera ku Joni ali nato. Kodi ndingamate ndekha kunyumba? Limu yatsopano ndi yodula, komanso njingayi ndi ya abwana, ndimapereka ndalama tsiku lililonse."

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanayatse moto, paja safunsa anadya phula. Yankho langa ndi lakuti ayi. Limu imeneyo musaimate ndi marodi, ndipo musayende nayonso ngakhale kungofika pa siteji. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera kwa munthu amene njinga ikagona tsiku limodzi kunyumba sikupsa nsima, choncho sindingangokanira basi. Ndifotokoza zimene zimachitika m'kati mwa limu ikalawa moto, kuti nanunso mukathe kuwafotokozera abwana anu.

Tiyambe ndi marodiwo. Ngakhale pa paketi amalemba kuti ndi a aluminiyamu, mbali yaikulu ya timarodi tosungunuka msanga timeneti ndi zinki, aluminiyamu amangosakanizako pang'ono. N'chifukwa chake timasungunuka pa madigiri 380 mpaka 400, pomwe aluminiyamu weniweni amafuna madigiri 660. Ndiye taonani: pomata, limu sisungunuka n'komwe. Chimasungunuka ndi rodi yokha, n'kuyenderera pamwamba, n'kukakamira. Kuwotcherera kwenikweni kumasungunula mbali zonse ziwiri za mng'alu n'kuzisandutsa chitsulo chimodzi. Kumata ndi rodi kuli ngati kuzira khoma long'aluka ndi dothi: kunja kwasalala, koma njerwa zosiyana zija zikadali zosiyana.

Ogulitsa amakonda kunena kuti pomatapo pamalimba kuposa aluminiyamu. N'zoona kuti mukapakanda ndi msomali mumva kuti ndi pouma kwambiri. Koma kuuma ndi kupirira n'zosiyana. Mbale yagalasi ndi youma kuposa ya pulasitiki, nanga ikagwa imayamba kusweka ndi iti?

Vuto lachiwiri ndi kachikopa kamene kamakhala pamwamba pa aluminiyamu aliyense. Aluminiyamu akangokumana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kameneka sikasungunuka mpaka madigiri opitirira 2,000. Rodi singagwire pamwamba pa kachikopaka. N'chifukwa chake m'mavidiyo mumaona munthu akukanda ndi nsonga ya rodi kapena ndi bulashi ya waya pansi pa rodi yosungunukayo: akuswa kachikopa kuti zinki ifike pa chitsulo. Pamalo oonekera zimatheka. Nanga m'kati mwa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, momwe mwalowa kale matope, oyilo wa tcheni ndi fumbi la mabuleki, mukandamo ndi chiyani? Rodi imangophimba pakamwa pa mng'alu, muzu wake n'kutsala wamoyo.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi china, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri sadziwa.

Limu zambiri zoumbidwa amazipanga ndi aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni ndi maginiziyamu pang'ono, mtundu wofala kwambiri ndi wotchedwa A356. Ikangotuluka m'chikombole siikhala ndi mphamvu zonse. Kufakitale amaiika m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 540 kwa maola angapo, n'kuiviika msanga m'madzi, kenako n'kuibwezera pamoto wochepa wa madigiri pafupifupi 155 kwa maola enanso. Njira imeneyi amaitcha T6. Ndiyo imachititsa kuti limu yopepuka chonchija isenze inu, kasitomala ndi thumba la makilogalamu 50 osapindika. Mphamvu imeneyi moto ndiwo unaipereka, ndipo moto womwewo umailanda. Kutentha kukapitirira madigiri 200 kwa kanthawi, mphamvuyo imayamba kutsika. Inu kuti rodi isungunuke mufunika kufikitsa limu pa madigiri pafupifupi 400.

Amisiri osula aluminiyamu ali ndi kanzeru kawo kakale. Akafuna kumufewetsa kuti apindike mosavuta, amapakapo sopo wochapira n'kuwotcha mpaka sopoyo atada bii. Akada, ndiye kuti chitsulo chafewa. Kutentha kumene sopo amadera n'kofanana ndi kumene marodi anuwo amafuna. Tanthauzo lake n'lakuti mukamamata limu, mukuchita ndendende zimene mmisiri amachita akafuna dala kufewetsa aluminiyamu. Ndipo sipafewa pa mng'alu pokha. Aluminiyamu amamwaza moto mofulumira kwambiri. Mwaonapo mmene poto wa aluminiyamu amatenthera mpaka kuchogwirira mukangomuika pa mbaula. Limu ndi yochindikala, imamwa moto wonse mukuuthirawo n'kuugawa mozungulira. Pofika poti rodi iyambe kuyenderera, mwendo wonse ndi gawo lalikulu la mkombero zaphikika. Ikazizira imaoneka chimodzimodzi ngati kale, palibe chizindikiro chilichonse. Kubwezeretsa mphamvuyo kumafuna ng'anjo yoyeza kutentha bwinobwino, si ntchito ya pakhonde.

Wina anena kuti ndiye tigwiritse marodi enieni a aluminiyamu ndi silikoni, aja amafuna flux, mankhwala ochotsa kachikopa kaja. Amenewo amasungunuka cha m'madigiri 580, pomwe limu ya A356 imayamba kusungunuka yokha cha m'ma 555. Komanso aluminiyamu safiira akatentha ngati mmene chimachitira chitsulo cha khasu pa chipala. Amangokhala mbuu, osachenjeza, kenako mwadzidzidzi n'kufwamphuka ngati phala.

Zimenezi ndinaziyesa ndi manja anga. Ndinatenga limu yakutha yong'aluka pa mwendo, ndinakumba mng'aluwo ndi galainda kuti ukhale ngati kangalande, ndinatsuka, n'kumata mosamala monga malangizo akunenera. Zinatenga nthawi yaitali kuti itenthe, koma itazizira ndi kupalidwa pankaoneka bwino zedi, moti mutapaka penti simukanadziwa. Ndinaimanga pa vaisi n'kumenya ndi hamala. Kachitatu chomatacho chinasendeka mbali imodzi ngati khungwa, ndipo pansi pake mng'alu unali phee, wakuda, rodi isanafikeko. Chinandikhudza kwambiri ndi chakuti pafupi ndi pomatapo hamala inkasiya dindo lakuya, pomwe mbali imene moto sunafike inkangodumpha. Ndinakhala pansi n'kuganiza za mayi wobereka mwana atakhala kumbuyo kwa njinga yotere.

Chifukwa gudumu si chitseko choti chimangoima. Gudumu la mainchesi 17 limazungulira kopitirira ka 500 pa kilomita imodzi. Mukayenda makilomita 100 pa tsiku, malo ong'alukawo apanikizidwa ndi kumasuka kopitirira ka 50,000, osawerengera maenje, mabampu ndi misewu yadothi yokhala ngati malata. Waya mukamaupinda uku ndi uku amaduka osati chifukwa mwagwiritsa mphamvu zambiri, koma chifukwa mwabwereza. Mng'alu umakula motero, pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene chitsulo chotsala sichingathenso kusenza. Ndipo limu youmbidwa kawirikawiri siyamba yapindika kuti ikuchenjezeni. Imathyoka kamodzi. Galimoto ikathyoka gudumu limodzi imatsala ndi atatu; inu mumatsala ndi phula la msewu.

Malo amene mwatchulawo, pokumana mwendo ndi mkombero, ndi amodzi mwa oipitsitsa, chifukwa katundu yense amadutsa pamenepo. Ndikukayikanso kuti mng'aluwo ndi wautali ngati chala chokha. Umene maso amaona nthawi zambiri ndi waufupi kuposa weniweniwo. Yesani izi madzulo ano: chotsani gudumu, tsukani limu ndi sopo, iume. Pakani parafini pa mng'alu ndi pa miyendo ina yonse, dikirani mphindi 15 kapena 20, pukutani pamwamba mpaka paume. Kenako pakani choko chosinja chosungunula m'timadzi pang'ono, musiye chiume. Parafini amene analowa mu mng'alu amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa choko choyeracho. Ndi njira yakale imene ankayesera zitsulo za sitima zapamtunda asanabwere mankhwala ofiira a masiku ano. Musadabwe mukaona kamzereko kakupitirira pamene mumaganiza kuti mng'alu wathera, kapena mukapeza wina pa mwendo woyandikana nawo. Abwana anu aitaneni adzaone okha chokocho.

Nanga kwa owotcherera? Makina wamba a pamsika, aja amawotcherera mafelemu a mawindo ndi mageti, si a ntchito iyi. Aluminiyamu amawotchereredwa bwino ndi makina a TIG, a mpweya wa argon, ndipo m'mizinda ikuluikulu ngati Lilongwe ndi Blantyre amisiri ake alipo. Mmisiri wodziwa amaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu, n'kukumba mng'alu wonse mpaka kumuzu, n'kudzaza ndi waya wa aluminiyamu wa mtundu wa 4043 kapena 5356, kenako n'kuyeza ngati gudumu silikupepera. Zimenezi n'zapamwamba kutalitali poyerekeza ndi marodi. Komabe TIG nayo imafewetsa chitsulo cha m'mbali mwa powotchererapo. Ine ndingaganizireko TIG pa kamng'alu kakang'ono ka m'mlomo wa mkombero basi, ndipo ngakhale apo mtima sukhala m'malo. Pa mwendo, pa habu, pomangira disiki ya buleki kapena pa gudumu lakutsogolo, ayi. Mmisiri wachilungamo akaona mng'alu wanuwo akubwezani. Amene anganene kuti "bweretsani, mphindi khumi zokha" sadzakhala pa njingayo tsiku limene idzathyoke.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha aliyense wowerenga pano asunge, kaya akukonza chiyani. Musayandikize moto pa limu imene ili ndi tayala, ngakhale mutaphwetsa mpweya. Labala ikatentha m'kati imatulutsa mpweya woyaka, ndipo tayala limatha kuphulika ngakhale patapita nthawi moto utazimitsidwa. Anthu afapo ndi zimenezi. Chachiwiri, zipangizo zina zopepuka za njinga zamoto n'za maginiziyamu, amene amaoneka ngati aluminiyamu koma akayaka sazimitsika ndi madzi. Palani pang'ono n'kudonthezapo viniga: pakachita thovu ndi maginiziyamu, pakakhala zii ndi aluminiyamu.

Timarodi ta mnzanuyo musatitaye, tili ndi ntchito yake. Kabowo pa poto kapena ketulo yosungira madzi ochapira, kakhutu kothyoka ka chivundikiro cha injini, chogwirira nyali, paipi yopyapyala ya aluminiyamu: zinthu zazing'ono zosasenza moyo wa munthu. Palani ndi bulashi ya waya wosachita dzimbiri imene sinakhudzepo chitsulo china, tenthetsani chinthucho osati rodi, ndipo muzikhudzitsa rodi mpaka isungunuke ndi kutentha kwa chitsulocho. Chiloleni chizizire chokha, osathira madzi. Gwirirani panja, chifukwa utsi wa zinki yopsa umadwalitsa ngati malungo. Chogwirira buleki, foloko ndi limu zisalowe m'gulu limeneli.

Tsopano za thumba, poti ndi pamene pagona nkhani. Limu yatsopano ndiyo njira yowongoka. Ngati ndalama sizikukwana, funani yogwirapo kale ntchito kuchokera pa njinga ya mtundu womwewo imene inafa injini, osati imene inachita ngozi. Pitani ndi kabotolo ka parafini ndi choko m'thumba. Limu yopakidwa penti yatsopano mbali imodzi yokha muikayikire, palani muone pansi pake. Ilowetseni pa ekiselo n'kuizunguza, mutagwira choko pafupi ndi mkombero. Ikamakhudza mbali ina n'kuphonya ina, yapindika. Onaninso pokhala mabering'i kuti sipanakule.

Ngati mtundu wa njinga yanuyo uli ndi gudumu la masipoko lokwana pa buleki ndi sipuloketi yomweyo, ine ndingasankhe limenelo. M'misewu ya kumidzi ya ku Dowa gudumu la masipoko limapirira bwino: likamenya dzenje limapindika m'malo mothyoka, sipoko ikaduka mumasintha imodzi, ndipo wokonza njinga pamsika uliwonse amadziwa kuwongola. Muzionanso mpweya wa m'tayala m'mawa uliwonse, chifukwa tayala lophwa ndilo limalola dzenje kufika pa limu.

Kwa abwana anu pitani lero, gudumu lili m'manja. Auzeni zonse mmene zinachitikira, aone kamzere ka pa choko, ndipo mukambirane zoti limu igulidwe kenako muzibweza pang'onopang'ono pa ndalama ya tsiku ngati afuna mugawane mtengo. Limu yakaleyo muimenye ndi hamala ithyokeretu musanaigulitse kwa oumba mapoto, kuti wina asaitole n'kuimata n'kukaigulitsa kwa mnzanu wa pa siteji. Mukapeza ina, nditumizireni chithunzi cha miyendo yake ndi cha habu musanalipire, ndidzakuthandizani kuyang'ana.