Ayuda ndi tsiku lokhala mwezi

Achimwene, mwafunsa ngati Ayuda amasungabe tsiku lokhala mwezi lotchulidwa pa Numeri 28:11. Eya, amalitcha Rosh Chodesh, ngakhale nsembe za nyama zinatha Aroma atagwetsa kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70 AD.

Kale mboni ziwiri zinkakauza bwalo lalikulu la Ayuda, la Sanhedrin, kuti zauona mwezi watsopano. Akatsimikiza, ankakoleza moto pamwamba pa mapiri, kuyambira pa Phiri la Azitona, kuti uthenga ufike kutali. Lero amangotsata kalendala yowerengedwa kale.

Si Sabata ayi, ntchito imagwiridwa. Kusunagoge amaimba masalimo otamanda Mulungu otchedwa Hallel n'kuwonjezera pemphero la masiku apadera lotchedwa Musaf. Chondisangalatsa n'chakuti amayi ena amapuma kuchapa ndi kusoka tsikuli, poti mwambo umati amayi anakana kupereka ndolo zawo popanga mwanawang'ombe wagolide uja.