Nzama ndi mawere musapite nazo pa sikelo ya venda

Achemwali, mwafunsa kuti amayi anu ku Mkanda, m'boma la Mchinji, ali ndi matumba atatu a nzama ndi ndowa zingapo za mawere, koma mavenda akungofuna soya ndi mtedza, ndiye mugulitse kuti. Ine ndili ku Kamwendo kuno, ndipo nzama ndi mawere timalima chaka ndi chaka.

Venda musamudandaule. Iye amagula chimene ali nacho kokatula. Soya akumudikira ndi makampani a mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku ku Lilongwe, pomwe nzama palibe fakitale ikuzidikira. Akakuguliraniko ndiye kuti wakupatsani mtengo wachipongwe. Wogula wanu weniweni ndi munthu amene akaphike yekha, kapena mayi wa geni.

Ndiyambe ndi mawere. Amayi a thobwa ndi omwe ali ndi ndalama yanu, ndipo chimene amafuna kwambiri ndi chimera. Viikani mawere usiku umodzi, muwafundike ndi chisaka chonyowa mpaka atulutse timizu, muyanike padzuwa aume gwa, kenako kuchigayo. Chimera chimagulitsidwa pa kapu, ndipo mukawerengera makapu a mu ndowa imodzi mudzaona nokha kusiyana kwake. Ufa wa phala nawonso ukuyenda m'tauni, makamaka kwa amene amayang'anira kadyedwe kawo.

Koma chenjerani ndi mchenga. Ulendo wanga woyamba ndinatumiza ndowa ziwiri kwa mayi wina wa ku Area 25, mawere opunthira pabwalo poyera monga tinazolowera. Anandiimbira foni tsiku lomwelo, akuti phala likuchita gegedegegede m'mano, ana alavula. Kasitomala ameneyo anapita osabweranso. Tsopano timapunthira pa lona, kupeta kawiri, n'kusefa. Njere za mawere n'zazing'ono ngati mchenga womwewo, ukalowa kuuchotsa kwake n'kovuta.

Mawere safumbwa msanga, amatha kukhala zaka, choncho musathamange nawo. Nzama ndiye zimafuna maso. Zisiyeni m'makoko mwake, kapena mukaswa muziike m'matumba aja osalowa mpweya a PICS, apo ayi anankafumbwe akuthandizani kudya. Musankhe zofiira pazokha, zoyera pazokha, zamawangamawanga pazokha. Zosakaniza zimaoneka ngati zotola. Dikirani Novembala mpaka Januwale pamene ndiwo zavuta komanso anthu akusaka mbewu yodzala. Anthu a m'tauni amadandaula kuti nzama zimatha makala chifukwa zimachedwa kupsa, ndiye muziwauza kuti aziviika usiku wonse. Mawu amenewo okha amagulitsa katundu.

(Za zija amati nzama amadzala ndi mayi yekhayo amene anatayapo mwana, ine ndadzala zaka zambiri ana anga onse ali moyo. Chikhulupiriro chimenechi chathawitsa atsikana ku mbewu yosafuna feteleza, yopirira ng'amba, yowonjezeranso chonde m'nthaka.)

Vuto lina ndi kuchepa kwa katundu. Matumba atatu kukwera nawo minibasi kuchoka ku Mkanda, kutsika pa boma, kukweranso ya ku Lilongwe, phindu lathera mu thiransipoti. Amayi anu asonkhanitse anzawo asanu kapena khumi a ku banki mkhonde, katundu apite pamodzi. Inu amene muli ndi foni, jambulani mbale ya nzama zosankhidwa bwino, muike pa WhatsApp ndi m'magulu a Facebook a ku Lilongwe, mulandire maoda kaye musananyamule. Zolowetsa m'mashopu akuluakulu zimafuna satifiketi ya Malawi Bureau of Standards, zimenezo n'zam'tsogolo.

Mbewuzi si zachikale ayi. Bungwe la United Nations linapatula chaka cha 2023 kukhala cha mawere, mapira ndi mchewere, ndipo pa malo ofufuzira za ulimi a Chitedze pomwepa, panjira yathu ya ku Lilongwe, amasunga mitundu ya mbewu zamakolo kuti isathe. Amayi asagulitse zonse, apatule ndowa imodzi ya nzama zokhwima bwino ya mbewu. Zofiirazo ngati zilipo ndiuzeni ku inbox, ndikufunako zodzala chaka chino.