Kodi munthu wamba akukhala bwanji ku Cuba masiku ano?

Ndalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo funso lawo ndi ili: "Ife tinakula tikumva kuti ku Cuba sukulu ndi chipatala ndi zaulere, ndiponso kuti dzikolo lili ndi madokotala ambiri moti ena limawatumiza kuno ku Africa. Tsopano pa wailesi ndikumva kuti magetsi akuzima dziko lonse ndipo anthu akuthawa. Kodi munthu wamba akukhala bwanji kumeneko, ndipo wolakwa ndani, America kapena boma lawo?"

Bambo, zimene munamva kale zija sizinali zabodza, ndipo mpaka lero mwana wa ku Cuba salipira fizi, wodwala sapatsidwa bilu akamatuluka m'chipatala. Chimene chasintha ndi chakuti malipiro a munthu wogwira ntchito m'boma sakukwananso kudyetsa banja lake ngakhale kwa masabata awiri, kotero kuti moyo wa pakhomo sukudaliranso maphunziro kapena khama la mwini nyumba, koma ukudalira ngati banjalo lili ndi m'bale kunja amene amatumiza madola. Dziko limene linkanyadira kuti aliyense ndi wofanana ndi mnzake lagawika pawiri, ndipo malire ake ndi dola ya America.

Tiyambire pa ndalama. Pa 1 Januwale 2021 boma la Pulezidenti Miguel Díaz-Canel linathetsa imodzi mwa ndalama ziwiri zimene dzikolo linkagwiritsa ntchito, n'kutsala ndi peso yokha, imene linaiika pa mtengo wa mapeso 24 pa dola imodzi. Nthawi yomweyo linakweza malipiro, otsikitsitsa anakhala mapeso 2,100 pamwezi ndipo penshoni yotsikitsitsa inakhala mapeso 1,528. Izi zinachitika pa nthawi yoipa kwambiri, mliri wa Covid-19 utatseka mahotela ndi mabwalo a ndege, chuma cha dziko chitatsika ndi pafupifupi 11 peresenti m'chaka cha 2020. Anthu anapezeka ndi ndalama zambiri m'manja pamene m'masitolo munalibe katundu, boma linalibe madola oti ligulitse pa mtengo umene linalengeza, ndipo aliyense wofuna dola anayamba kuigula pamsewu. Pofika 2024 dola imodzi inkagulidwa ndi mapeso opitirira 300. M'chaka chimenecho malipiro a pakatikati a ogwira ntchito m'boma sankafika mapeso 6,000, kutanthauza madola osakwana 20 pamwezi, pamene thireyi ya mazira 30 inkagulitsidwa pafupifupi mapeso 3,000. Mphunzitsi wopuma ntchito, mnzanu wa ku Holguín kapena ku Camagüey amene ankalandira penshoni yotsikitsitsa, akanafunika kusunga ndalama zake zonse za miyezi iwiri kuti agule thireyi imodzi ya mazira.

Mwina mufunsa kuti nanga anthu akudya chiyani. Kuyambira 1962 banja lililonse lili ndi kabuku kotchedwa libreta, kamene limapita nako ku golosale ya boma ya m'dera lawo kukagula mpunga, nyemba, shuga, mafuta ophikira, khofi ndi banzi imodzi ya munthu aliyense patsiku, zonsezi pa mtengo wotsika kwambiri. Kabukuka sikanakhalepo kokwanira mwezi wathunthu, komabe kankateteza anthu ku njala yeniyeni. Masiku ano mpunga wa mwezi uno ukhoza kufika mwezi wamawa kapena mkuja, mafuta ndi khofi zimatha miyezi osaoneka, ndipo mu Seputembala 2024 boma linachepetsa kulemera kwa banzi ija kuchoka pa magalamu 80 kufika pa magalamu 60 chifukwa cha kusowa kwa ufa wa tirigu. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho zinadziwika kuti Cuba inapempha bungwe la World Food Programme kuti liithandize ndi mkaka wa ufa wa ana osakwana zaka 7, chinthu chimene boma lonyada ngati limeneli silikanachita zinthu zikanakhala kuti zilipo bwino. Koma chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi nkhani ya shuga. Chilumba chimene chinkapanga matani pafupifupi 8 miliyoni pachaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chinapanga matani ngati 350,000 okha mu nyengo ya 2022 mpaka 2023, ndipo tsopano chikugula shuga kunja kuti anthu ake athire mu khofi.

Zotsatira zake n'zakuti tsiku la munthu limathera pamzere. Anthu a ku Cuba ali ndi dongosolo lawo: munthu akafika pamalo amafuula kufunsa amene ali womaliza, akamupeza amamuyang'anitsitsa nkhope, amafunsanso amene ali patsogolo pa iyeyo kuopera kuti angachoke, kenako amakakhala pamthunzi kapena amathamangira kukagwira malo pamzere wina wa nkhuku kapena wa ku famase. Kuyambira 2023 kwawonjezereka mzere wa ku banki, popeza boma linalamula kuti malonda ambiri azichitika pa foni ndi pa khadi pamene makina otulutsa ndalama nthawi zambiri amakhala opanda kanthu, ndipo wogulitsa mbatata pamsika amafuna ndalama yogwirika. Amene anagonapo m'galimoto pamalo omwetsera mafuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre akudziwa mmene mzere umadyera mphamvu za munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Cuba mzere wotere ndi wa chinthu chilichonse, ndipo wakhalapo kwa zaka. Mu 2023 mwambo waukulu wa pa 1 Meyi pa bwalo la Plaza de la Revolución ku Havana unalephereka chifukwa kunalibe mafuta oyendetsera mabasi, ndipo mu Malichi 2024 mtengo wa petulo unakwera kuposa kasanu pa tsiku limodzi.

Nkhani ya magetsi imene munamva pa wailesi ndi yoona. Magetsi ambiri a dzikolo amachokera ku makina oyendera mafuta amene anamangidwa zaka zoposa 30 kapena 40 zapitazo, ambiri mothandizidwa ndi Soviet Union ndi maiko ogwirizana nayo, ndipo makinawa atha chifukwa chosowa zipangizo zosinthira komanso chifukwa mafuta okumbidwa ku Cuba komweko ndi olemera ndi odzaza sulufule, amene amawononga mapaipi. Pa 18 Okutobala 2024 makina akuluakulu a Antonio Guiteras ku Matanzas anaima ndipo dziko lonse linagwa mumdima kwa masiku angapo, namondwe wa Oscar n'kufika kum'mawa kwa chilumbacho magetsi asanabwerere. Zinabwerezanso mu Novembala ndi namondwe wa Rafael, mu Disembala, mu Malichi 2025 ndi mu Seputembala 2025. Komatu kugwa kwa dziko lonse kumeneku n'kumene kumamveka kunja, pamene chimene chikutopetsa anthu ndi kuzima kwa tsiku ndi tsiku, kumene m'zigawo za kunja kwa Havana kumafika maola 20 patsiku.

Taganizirani mayi wa ku Santiago de Cuba amene mbaula yake ndi yamagetsi, chifukwa m'zaka za m'ma 2000 boma la Fidel Castro linagawa miphika ndi mbaula zamagetsi m'makomo pofuna kuti anthu asiye palafini. Magetsi akayaka 2 koloko usiku iye amadzuka, amateleka mpunga ndi nyemba za tsiku lonse, amachapa, amatchaja mafoni, amayatsa pampu kuti madzi akwere mu thanki ya padenga, zonsezi mothamanga chifukwa sadziwa kuti azimanso nthawi yanji. M'mawa akuyembekezeka ku ntchito. Kankhuku kamene anakafolera dzulo kakhoza kuonongeka mu firiji yozima, ana sagona chifukwa cha kutentha ndi udzudzu popeza fani siikuzungulira, ndipo gasi wa m'masilinda akasowa, monga wakhala akusowera, banjalo limaphika pa makala kapena nkhuni pakhonde la nyumba yosanja. N'chifukwa chake anthu a mumzindawu atatuluka m'misewu pa 17 Malichi 2024 mfuwu wawo waukulu unali wa zinthu ziwiri, magetsi ndi chakudya.

Ku chipatala dokotala alipo ndipo sakulipiritsani, koma akhoza kukuuzani kuti mubwere ndi magolovesi, jakisoni, ulusi wosokera bala ndi mankhwala anu. Boma lenilenilo lavomereza kuti mankhwala ambiri a pa mndandanda wa mankhwala ofunika sakupezeka m'mafamase ake. Mu Julayi 2021 boma linayamba kulola apaulendo kulowa ndi chakudya, sopo ndi mankhwala popanda msonkho, ndipo mankhwala obwera m'masutikesi amenewa ndi amene amagulitsidwa pa magulu a WhatsApp ndi Telegram pa mitengo imene wodwala shuga kapena BP wa penshoni sangaikwanitse. Madokotala ndi anamwino ambiri asiya ntchito, ena apita kunja, ena akugulitsa m'masitolo a anthu wamba kumene malipiro a sabata imodzi amaposa a mwezi wa kuchipatala.

Masitolo amenewa ndi mbali ina ya nkhaniyi. Mu 2021 boma linalola kuti anthu azitsegula makampani ang'onoang'ono olemba antchito osaposa 100, ndipo ambiri a iwo amaitanitsa katundu kunja. Kumeneko mafuta, mkaka, nkhuku ndi ufa zimapezeka tsiku lililonse, mitengo yake ikutsatira dola ya pamsewu. Boma nalonso lili ndi masitolo ake olandira ndalama zakunja zokha, ngakhale kuti antchito ake limawalipira mu peso. Mu Meyi 2025 kampani ya boma ya mafoni, ETECSA, inaika malire a mapeso 360 pamwezi pa intaneti yotchipa, ndipo wofuna yoposa pamenepo ayenera kulipira ndalama zambirimbiri kapena kupempha m'bale wa kunja kuti amugulire ndi madola. Ophunzira a m'mayunivesite anadandaula poyera, zimene sizichitikachitika kumeneko.

Choncho musadabwe kuti anthu akuchoka. Dziko la Nicaragua litachotsa lamulo la viza kwa anthu a ku Cuba mu Novembala 2021, mabanja anagulitsa nyumba kuti agule tikiti ya ku Managua, n'kuyenda pamtunda kudutsa Honduras, Guatemala ndi Mexico mpaka pamalire a United States, dziko limene kunafika anthu a ku Cuba oposa 600,000 m'zaka zitatu. Ena anapita ku Spain, Brazil ndi Uruguay. Chiwerengero cha anthu, chimene chinali choposa 11 miliyoni, chinatsika kufika pa 9.7 miliyoni kumapeto kwa 2024 malinga ndi ofesi ya boma yowerengera anthu, ndipo munthu mmodzi mwa anayi alionse otsala ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo.

Pa funso lanu lakuti wolakwa ndani, ine sindivomereza kuti munthu ayenera kusankha mbali imodzi. Ziletso za malonda zimene United States inaika mu 1962 zimapweteka ndithu: mabanki a kunja amaopa kugwira ndalama za Cuba, makamaka dzikolo litabwezeretsedwa pa mndandanda wa America wa maiko othandiza uchigawenga mu Januwale 2021, ngongole sizipezeka, ndipo ngakhale nkhuku zimene Cuba imagula ku America imayenera kulipiriratu zonse katundu asananyamuke. Msonkhano waukulu wa United Nations wakhala ukudzudzula ziletsozi pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1992, ndipo ine ndimaziona kuti ndi nkhanza zimene zimagwera osauka osati atsogoleri. Mafuta otchipa amene Cuba inkalandira kuchokera ku Venezuela nawo anachepa, ndipo alendo odzaona malo anatsika kuchoka pa 4.7 miliyoni mu 2018 kufika pa 2.2 miliyoni mu 2024. Koma si America imene inalamula kuti mlimi azigulitsa zokolola zake ku boma pa mtengo wosamupindulira mpaka minda kugonera ndipo dziko n'kumagula kunja chakudya chake chochuluka. Si America imene inasankha kuthira ndalama m'mahotela, kuphatikizapo nyumba ya nsanjika zoposa 40 ku Vedado mumzinda wa Havana, pamene zipinda za mahotela akale zili zopanda alendo ndipo makina a magetsi akuola. Ndipo si America imene inamanga anthu mazanamazana n'kuwapatsa zaka zambiri m'ndende chifukwa cha zionetsero za pa 11 Julayi 2021, zimene zinayambira ku San Antonio de los Baños.

Amene asenza katundu wolemera kwambiri ndi okalamba opanda mwana kunja, anthu amene anadula nzimbe, anaphunzitsa ana ndi kumenya nkhondo ku Angola pokhulupirira kuti boma lidzawasamalira. Ena a iwo tsopano amaoneka akufufuza m'milu ya zinyalala imene yadzaza m'makona a Havana chifukwa magalimoto otola zinyalala alibe mafuta ndi matayala. Mu Julayi 2025 nduna ya zantchito, Marta Elena Feitó, inauza aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti ku Cuba kulibe opemphapempha, koma kuli anthu amene amadzionetsa ngati opemphapempha. Anthu anakwiya kwambiri, Díaz-Canel anadzudzula mawuwo, ndipo ndunayo inatula pansi udindo pasanathe masiku awiri. Kuyambira Seputembala chaka chomwecho penshoni yotsikitsitsa inakwezedwa kufika pa mapeso 3,056, koma dola ya pamsewu inali itadutsa kale mapeso 400, ndiye kuti wokalamba uja ankalandira madola osakwana 8 pamwezi.