Apongozi akuchokera ku Chengdu kudzaona mdzukulu ku Germany: za viza ndi zapachipata

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Malawi yemwe anaphunzira ku China, n'kukwatira komweko, ndipo tsopano akugwira ntchito ku Stuttgart m'dziko la Germany. Akazi awo ndi oyembekezera, choncho makolo a mayiwo, omwe anapuma pantchito ndipo amakhala ku Chengdu, akufuna kubwera kudzathandiza mwana akabadwa. Funso lawo linali lotere: "Ndinamva kuti China ndi Germany anachotserana viza. Kodi apongozi angangogula tikiti n'kunyamuka? Tikufuna adzakhale miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pakati pake tikawaonetse Paris ndi London."

Bambo, pepani kuti ndiyamba ndi kukukhumudwitsani. Nkhani imene munamvayo ndi yoona mbali imodzi yokha. Kuyambira pa 1 Disembala 2023, China inalola nzika za Germany, France, Italy, Netherlands ndi Spain kulowa m'dzikolo popanda viza kwa masiku 15, ndipo kumapeto kwa Novembala 2024 masikuwo anawonjezedwa kufika 30. Koma China inachita zimenezi payokha pofuna kukopa alendo ndi amalonda, ndipo maiko a ku Ulayawo sanabweze moni. Munthu wonyamula pasipoti wamba ya dziko la China akufunikabe viza kuti alowe ku Germany. Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti m'nyengo yomweyo Singapore ndi Thailand anagwirizanadi ndi China zochotserana viza, wina mu Febuluwale, wina mu Malichi 2024, ndiye nkhanizi zikamayenda pakamwa zimasanduka imodzi. Chinanso n'chakuti eni mapasipoti a Hong Kong ndi Macau amalowa ku Germany popanda viza, kotero mnansi wanu akhoza kukuuzani moona mtima kuti apongozi ake anangokwera ndege, pamene pasipoti yawo si yofanana ndi ya apongozi anu.

Viza imene ikufunika ndi ya Schengen ya ulendo waufupi. Dzinali ndi la mudzi wina wa ku Luxembourg kumene maiko asanu anasainira pangano lothetsa zipata pakati pawo mu 1985, ndipo lero maiko ake alipo 29. Germany ndi France onse ali momwemo, choncho za Paris musade nazo nkhawa: viza imodzi ikwanira. Lamulo limanena kuti munthu apemphe ku dziko limene akakhaleko nthawi yaitali, lomwe kwa inu ndi Germany. Ena amanamizira ulendo wa ku dziko lina chifukwa choti kumeneko malo okaperekera mapepala akupezeka msanga, koma zimenezi sindikulimbikitsani, chifukwa wapolisi wa pabwalo la ndege akafunsa nkhalamba ziwiri zosalankhula Chijeremani kuti hotelo yawo ya ku Madrid ili kuti pamene tikiti ikuthera ku Stuttgart, bodza limaonekera nthawi yomweyo.

Tsopano za miyezi isanu ndi umodzi ija, zomwe ndikuona kuti ndi pamene pagona vuto lenileni la banja lanu. Viza ya mtunduwu imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa. Masiku 180 amenewa sayambira pa Januwale kapena pa tsiku limene viza inadindidwa ayi. Tsiku lililonse limene munthu ali m'dzikomo, amayang'ana m'mbuyo masiku 180 n'kuwerenga amene wakhalamo. Tiyerekeze kuti apongozi atera pa 1 Malichi n'kukhala osatuluka: tsiku lawo la 90 ndi pa 29 Meyi, ndipo sangalowenso mpaka pa 28 Ogasiti. Ngakhale atapatsidwa viza ya chaka chathunthu yolowera kambirimbiri, malire a masiku 90 sasintha. Kuwonjezera masiku munthu ali kale ku Germany kumaloledwa pokhapokha pakagwa zazikulu, monga matenda olepheretsa kuyenda, ndipo kufuna kulera mdzukulu nthawi yotalikirapo sikuwerengedwa m'gulu limeneli. Njira ya viza yodzakhala ndi banja nayonso ndi yopapatiza kwambiri kwa makolo a munthu wamkulu, popeza kawirikawiri malamulo a Germany amailola pokhapokha ngati pali vuto lalikulu losapiririka.

Ndikudziwa kuti kwa akazi anu nkhaniyi si ya tchuthi chabe. Ku China mwezi woyamba mayi akachira amausunga mwaulemu kwambiri, amautcha zuo yuezi, ndipo mayi ake kapena apongozi ake ndi amene amamuphikira ndi kumuyang'anira, monga momwe kwathu amachitira anthu akuluakulu mwana asanatuluke m'chikuta. Maganizo anga ndi akuti, popeza masiku amawerengedwa pa munthu payekha, agogo aakazi abwere kaye okha n'kukhala masiku awo 90, ndipo agogo aamuna adzafike kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti iwo abwerere. Mukatero pakhomo padzakhala munthu wamkulu kwa miyezi yoposa isanu popanda kuphwanya lamulo. Musawauzenso kuti afike mwezi wathunthu mwana asanabadwe, chifukwa masiku amenewo adzakusowani pambuyo pake.

Za mapepala, mbali ina ndi yanu, ina ndi yawo. Inu kapena akazi anu mukuyenera kupita ku ofesi yoona za alendo ya mumzinda wanu, imene Ajeremani amaitcha Ausländerbehörde, kukasaina chikalata chotchedwa Verpflichtungserklärung. Mumalipira 29 euro, ndipo amafuna kuona chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo ndi umboni wa malipiro anu a miyezi yapitayi. Musachione ngati kalata wamba yoitanira alendo. Mukasaina mwalonjeza boma kuti mudzabweza ndalama iliyonse imene lingawononge pa alendo anuwo, kaya ndi ya chipatala kaya ndi yowabwezera kwawo, ndipo lonjezolo limakumangani kwa zaka zisanu. Pepala lenilenilo, osati chithunzi chake cha pafoni, ndi limene muyenera kutumiza ku Chengdu, ndipo aligwiritse ntchito isanathe miyezi isanu ndi umodzi chisainireni.

Kumeneko apongozi asonkhanitse pasipoti imene inaperekedwa m'zaka khumi zapitazi, yokhala ndi masamba awiri osadindidwa, komanso yoti idzakhalabe ndi mphamvu kwa miyezi itatu kuchokera pa tsiku lobwerera. Pafunikanso inshuwalansi ya zaumoyo ya paulendo yosachepera 30,000 euro, yogwira ntchito m'maiko onse a Schengen kwa masiku onse a ulendowo. Kenaka pali mapepala amene ndi a ku China kokha. Loyamba ndi hukou, kabuku ka banja kachikuto chofiirira komwe tsamba lililonse limafotokoza za munthu mmodzi wa pakhomopo ndi dera limene analembetsedwa. Kawirikawiri mwana akapita ku yunivesite kapena akakwatiwa dzina lake limasamutsidwa m'kabuku ka makolo, ndiye ngati akazi anu salimonso, makolowo apite ku ofesi yotsimikizira zikalata kukatenga chikalata cha ubale chosonyeza kuti amene akuwaitanayo ndi mwana wawodi. Awonjezerepo chiphaso chopumira pantchito, masitetimenti a ku banki a miyezi ingapo oonetsa penshoni ikulowa mwezi ndi mwezi, ndi chikalata cha umwini wa nyumba ngati ali nacho.

Mapepala omalizawa ndi amene anthu amawapeputsa, koma ndi amene ali ndi yankho la funso limene wogamula ali nalo m'mutu, lakuti kodi anthu awa adzabwerera kwawo. Penshoni yaing'ono yolowa mokhazikika imakhutiritsa kuposa ndalama zambiri zimene zangogwera mu akaunti dzana. Ana ambiri amatumizira makolo chindalama kutatsala sabata imodzi kuti akapereke mapepala, poganiza kuti akukometsa, pamene kwa munthu wozolowera kuwerenga masitetimenti tsiku ndi tsiku ndalama yotereyo imanunkha ngongole. Popeza inu mwasaina kale kuti mudzawasamalira, palibe chifukwa chodzolera akaunti yawo mafuta.

Germany ili ndi ofesi ya kazembe ku Beijing ndi maofesi ang'onoang'ono ku Shanghai, Guangzhou, Shenyang ndi ku Chengdu komweko, choncho apongozi anu ali ndi mwayi wosayenda mtunda wautali. Mapepala amaperekedwa ku malo olandirira mafomu a viza omwe amayendetsedwa ndi kampani yolembedwa ntchito, ndipo kampaniyo imalipiritsa yakeyake pamwamba pa mtengo wa viza, umene unakwera kuchoka pa 80 kufika pa 90 euro pa munthu wamkulu mu Juni 2024. Ngati sanatengedwepo zidindo za zala pa viza ya Schengen m'miyezi 59 yapitayi, ayenera kukaonekera okha. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndipo yankho limatuluka m'masiku 15, ngakhale kuti lamulo limalola kufika masiku 45 akafuna kufufuza zambiri. Yambani msanga, makamaka ngati ulendowo wayandikana ndi tchuthi cha Chaka Chatsopano cha ku China kapena cha sabata yoyamba ya Okutobala, pamene maofesi amatseka ndipo ofuna kuyenda amachuluka. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 Julayi 2025 Germany inathetsa njira yolembera kalata yodandaula ku ofesi ya kazembe munthu akakanizidwa. Chotsala ndi kupemphanso mwatsopano kapena kukasuma kukhoti ku Berlin, choncho ndi bwino kuti pempho loyambalo likhale lokwanira.

Viza ikatuluka, auzeni akutumizireni chithunzi cha tsambalo, ndipo muliwerenge mwachifatse. Pali malo osonyeza tsiku loyambira ndi lothera, pali ena osonyeza chiwerengero cha masiku ololedwa, ndipo pali enanso osonyeza kuti angalowe kangati, pomwe pamalembedwa 01, 02 kapena MULT. Anthu ambiri amayang'ana tsiku lothera lokha n'kuiwala kuti mwina apatsidwa masiku 60 osati 90.

Malo achitatu aja ndi amene akukhudza London. Britain sili mu Schengen ndipo silinakhalemopo, kotero apongozi akufunika viza ina ya alendo ya dzikolo, imene angaipemphe kutatsala miyezi itatu kuti ayende, ndipo ndi bwino aitengeretu ali ku China. Kuyambira mu 2016 nzika za China zopempha kwawo zimapatsidwa viza ya zaka ziwiri yolowera kambirimbiri. Koma kupita ku London ndi kutuluka mu Schengen, ndipo ngati viza yawo ya Germany yalembedwa 01, sadzaloledwa kubwerera ku Stuttgart ngakhale masiku awo atatsala ochuluka chotani. Pa fomu apemphe kulowa kawiri kapena kambirimbiri, ndipo ulendo wa ku London aulembe poyera pa ndondomeko ya ulendo. Ubwino wake ndi wakuti masiku amene adzakhale ku Britain sawerengedwa pa 90 aja.

Patsala za pachipata penipeni. Viza si lonjezo lakuti munthu alowa, popeza wapolisi wa pamalire ali ndi mphamvu yofunsa cholinga cha ulendo ndi kuona mapepala. Kope la Verpflichtungserklärung, inshuwalansi, tikiti yobwerera ndi pepala lolembedwa m'Chijeremani lokhala ndi adiresi ndi nambala yanu ya foni zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Kuyambira pa 12 Okutobala 2025 maiko a Schengen anayamba kugwiritsa ntchito makina ojambula nkhope ndi zidindo za zala polowa ndi potuluka, ndipo makinawo amawerenga okha masiku, choncho tsiku limodzi lopitirira limalembedwa ndipo likhoza kuwononga pempho la chaka chamawa. Ndalama zokwana 10,000 euro kapena kuposerapo pa munthu ziyenera kunenedwa kwa a kasitomu.

Ndipo chonde lankhulani ndi agogo aakazi za sutikesi yawo. Nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union siziloledwa kulowa m'katundu wa munthu, ngakhale zitakhala zouma kapena zomatidwa bwino m'pulasitiki. Ndinaonapo mayi wina wachikulire pabwalo la ndege akuyang'anitsitsa masoseji ake ofutsa, okulungidwa m'nyuzipepala ndi m'thaulo, akuponyedwa m'bini limodzilimodzi, iye akuloza chithunzi cha khanda pafoni yake ngati kuti chingasinthe maganizo a wogwira ntchitoyo. Anthu a ku Sichuan, chigawo chimene kuli mzinda wa Chengdu, amanyadira nyama yawo yofutsa, ndipo ndikukhulupirira kuti apongozi anu ayamba kale kuikonza. Akazi anu awauze mwaulemu kuti aisiye ku Chengdu, ndipo malo ake m'sutikesimo aikemo zovala za mdzukulu.